Mafunso Atatu a Aphunzitsi Chadzunda

Nyuzipepala inkabwera Lachisanu lililonse m'mawa. Simoni, kondakitala wa minibasi yochokera m'tauni, ankaisiya pa golosale ina pa Nambuma, ndipo nthawi ya buleki a Frazer Chadzunda ankapalasa njinga kukaitenga. Anali ataphunzitsa zamalonda pa sekondale yoyendera ya kumeneko zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Piriyodi yomaliza ya Lachisanu sankatsegula buku. Ankawerengera ana a Fomu 4 nkhani imodzi ya pa tsamba la zamalonda, n'kulemba mafunso atatu pa bolodi, kenako n'kukhala pampando kuwasiya akangane okha. Mtengo wa fodya ku okushoni, kusowa kwa mafuta, chiwongoladzanja cha mabanki, zonsezi zinkadutsa m'kalasi imeneyo.

Mu Seputembala wa 2023, temu itangoyamba, a Chadzunda anagwa akupopa njinga pabwalo pa nyumba yawo. Mkazi wawo Faness anawapeza atagona chammbali, maso akuyang'ana, koma osayankha. Kuchipatala cha m'tauni anakhalako masabata atatu. Dokotala anati ndi sitiroko. Pobwerera kumudzi dzanja lamanja linali lende, mwendo ukukokedwa, ndipo mawu amene anatsala nawo osavuta anali awiri okha: eya ndi ayi.

"Muziwalankhulitsa," dokotala anamuuza Faness. "Ngakhale akane, muziwalankhulitsa. Mawu amabwerera akamagwiritsidwa ntchito."

Koma a Chadzunda sankafuna. Munthu amene ankadya ndi pakamwa pake tsopano ankati akayesa kunena madzi pankatuluka mawu ena, malovu n'kutsikira pachibwano. Aphunzitsi anzawo atabwera kudzawazonda, anatembenukira kukhoma. Ana a sukulu atabwera ndi nkhuku, anakodola Faness kuti atseke chitseko. Mwana wawo Tionge anakhala nawo sabata imodzi, n'kubwerera ku banja lake ku Lilongwe akulira. M'nyumba munatsala anthu awiri ndi wailesi.

Simoni sanasiye kubweretsa nyuzipepala. Faness ankaitenga popita kumsika kukagulitsa nsinjiro, n'kuiika pa tebulo pafupi ndi amuna ake. Iwo sankaikhudza. Zinaunjikana zinayi, kuphatikiza zimene zinabwera iwo ali kuchipatala.

Tsiku lina masana, mapepala okulungira nsinjiro atamuthera, Faness anasolola tsamba limodzi n'kuyamba kuling'amba. Ndodo inagunda pansi kawiri.

"Ayi."

"Ndiye nditani, bambo a Tionge? Simukuwerenga. Makoswe ndi amene adzawerenge."

"Ayi."

Faness anayang'ana tsambalo. Linali la zamalonda. Faness analekeza sukulu mu Fomu 2, bambo ake atamwalira, ndipo kuchokera pamenepo Chingelezi chimene ankawerenga chinali cha pa matumba a feteleza ndi pa makhadi a kusikelo. Anakhala pamkeka, natambasula tsambalo pamiyendo, n'kuyamba kuwerenga mokweza, chala chikutsata mzere. Anapunthwa pa mawu achitatu. Anapunthwanso pa achisanu. Kenako anafika pa mawu aatali.

"In-fu-la-ti-yoni."

"Shoni."

Faness anatukula mutu.

"Mwati bwanji?"

A Chadzunda anatsinzina, milomo ikulimbana.

"Infu... le... shoni."

"Madzi akukukanikani, koma zimenezi mukuzitha," anatero Faness. Mbali ya nkhope yawo imene inali yamoyo inamwetulira. Aka kanali koyamba chichokereni kuchipatala. "Chabwino. Nanga zikutanthauza chiyani?"

Kufotokoza kunawakanika. Analoza lichero la mtedza limene linali pakhomo, nalozanso kapu ya pulasitiki. Faness anabweretsa zonse. Ndi dzanja lamanzere anadzaza kapuyo, naika ndalama yachitsulo pambali pake. Kenako anakhuthula theka la mtedzawo, ndalama ija n'kuisiya pomwepo, namuyang'ana.

"Ndalama yomweyo, zinthu zochepa," anatero Faness. "Basi? Ndiye ndi zomwe timazidziwa kale ife. Ine ndinkayesa ndi nkhani ya anthu ophunzira."

Kuyambira tsiku limenelo, akamaliza ntchito za m'mawa, ankawatulutsira pakhonde, iye n'kuwerenga, iwo n'kumakonza. Nkhani imodzi inkawatengera masiku awiri kapena atatu. Faness ankafunsa zimene sakumva, ndipo zinali zambiri. Masheya n'chiyani? Banki yaikulu imabwereketsa ndani? Ndalama zakunja zikasowa, zimakhala zapita kuti? Nthawi zina ankafunsa dala zimene wamva kale, pofuna kuti alankhule. A Chadzunda ankayankha ndi mtedza, ndi timiyala, ndi mawu amodziamodzi. Mawuwo anayamba kuchuluka. Pofika kumapeto kwa Okutobala ankatha kulumikiza atatu kapena anayi, ngakhale ankatuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pa mjigo nthawi ya chilimwe.

Lachinayi lina mu Novembala Faness anapita pa Nambuma kukagula feteleza. Anapeza sitolo yotseka, pachitseko atamata pepala loti akuwerengera katundu. Panja panali alimi oposa makumi awiri, ena ndi ngolo zawo, akuyankhula motsitsa mawu. Mayi wina anamuuza kuti pa wailesi anena kuti kwacha yachepetsedwa mphamvu. Sitolo itatsegulidwa masana, mitengo inali ina. Faness anabwerera chimanjamanja.

M'mawa mwake nkhaniyo inali pa tsamba loyamba la nyuzipepala. Dola imodzi, imene inkagulidwa pa makwacha pafupifupi 1,180, tsopano inali pa 1,700. Faness anawerenga nkhani yonse, a Chadzunda osamudula ngakhale pamene analakwitsa. Atamaliza, a Chadzunda anayang'ana kumsewu.

"Lero... Lachisanu," anatero.

"Eya, Lachisanu."



Loweruka kunabwera a hedi a pasukulupo, mayi Margret Kaliwo. A Chadzunda atawaona akutsika njinga yamoto anapempha kulowetsedwa m'nyumba. Mayi Kaliwo sanakakamize. Anakhala pakhonde ndi Faness, koma ankalankhula mokweza kuposa mmene zinkafunikira, nkhope atalozetsa pazenera.

"Mphunzitsi wa masamu akuyesetsa kuwagwirira kalasi, koma si phunziro lake. Ku boma ndinalemba kalata, sanayankhe. Dzulo ana anditsatira mpaka mu ofesi. Akuti chinthu chachikulu chonchi chachitika, palibe wotifotokozera. Ndinasowa chowayankha, mayi. Inenso zikundizunguza."

Atapita, Faness analowa m'nyumba. Anawapeza atakhala pamphepete pa bedi.

"Mwamva?"

"Eya."

"Mupita?"

"Ayi." Anapuma pang'ono. "Cholembera. Lembani."

Mafunso atatuwo anawatengera kuyambira Lamulungu mpaka Lachitatu. A Chadzunda ankatchula mawu awiri, Faness n'kuyerekeza otsalawo, iwo n'kukana, iye n'kuyesanso. Nthawi ina anakwiya mpaka kuponya ndodo pabwalo. Faness anaitola, naipukuta, naiika pomwe inali, n'kupita kukachapa. Pobwera anayambiranso pomwe analekeza. Pamapeto pake pepalalo linati:

Thumba la feteleza limene linali kale m'sitolo kwacha isanagwe, lakwereranji mtengo? Pakati pa wogulitsa katundu kunja ndi wogula katundu kunja, wapindula ndani? Kwacha akanapanda kuichepetsa mphamvu, chikanachitika n'chiyani?

Lachisanu Faness anavala chitenje chake cha kutchalitchi, natenga pepalalo ndi nyuzipepala, n'kupalasa njinga ya amuna ake kupita kusukulu. Ankafuna kungopereka kwa a hedi n'kubwerera. Koma a hedi anali ataitanidwa ku msonkhano, ndipo aphunzitsi onse anali m'makalasi. Akuganiza zosiya pepalalo pansi pa chitseko cha ofesi, mnyamata wamtali anatuluka m'kalasi ya Fomu 4.

"Si inu amayi a kwa a sala Chadzunda? Ine ndine Patson, monita wa kalasi. Ali bwanji a sala?"

"Akupezako bwino. Atumiza mafunso awa."

Patson anayang'ana pepalalo, nayang'ana nyuzipepala ili kukhwapa kwake.

"Lowani mutiwerengere, amayi. Piriyodi yake ndi inoyi. Tangokhala."

"Ine si mphunzitsi."

"Ngakhale kungolemba pa bolodi."

Analowa. Ana oposa makumi asanu anaimirira, mabenchi akukhulika pansi. Faness anali asanagwire choko zaka pafupifupi makumi atatu. Chinathyoka pa chilembo choyamba. Analemba ndi kachidutswa kotsalako, mizere ikutsetsereka kumanja, kenako anawerenga nkhani ija. Anali ataiwerenga kambiri pakhonde, choncho sanapunthwe kwambiri. Atamaliza anasowa chochita, ndipo anakhala pampando wa amuna ake.

Ana sanadikire kuuzidwa. Mtsikana wina anati ogulitsa feteleza ndi akuba basi, chifukwa thumba silinasinthe, lagona m'sitolo momwemo. Patson, amene amalume ake anali ndi golosale, anakana. Anati akagulitsa pa mtengo wakale, ndalamayo sikwanira kukaoda thumba lina, ndiye sitolo itha. Mkangano unakula. Wina anatembenukira kwa Faness.

"Nanga inu, amayi, mukuti bwanji?"

Faness anazengereza.

"Ine ndimagulitsa nsinjiro," anatero. "Ndikamaika mtengo sindiyang'ana mmene ndinagulira mtedza dzulo. Ndimayang'ana mmene ndikagulire mawa. Ndiye mnzanuyu sakunama. Koma ndinaliponso pakhomo pa sitolo ija Lachinayi la sabata yatha, ndipo ena anakweza kuposa pamenepo. Onse awiri mwalondola pena."

Anaona ena akulemba zimene wanena, manyazi n'kumugwira.

Atafika pa funso lachiwiri, mtsikana wina wa kumbuyo anakweza mkono. Anali wochepa thupi, wa yunifolomu yofwifwa koma yosita bwino. Anati dzina lake ndi Febe. Kwawo kunali ku Phalombe, koma bambo ake anali tenanti pa esiteti ina ya fodya njira ya ku Kabudula. Ankalima munda wa mwini esiteti, n'kumugulitsa fodya yense kumapeto kwa chaka.

"Fodya ku okushoni amagulidwa ndi madola, eti? Ndiye ngati dola yakwera, ndiye kuti olima fodya apindula. Abwana akufuna bambo anga awonjezere ekala ina chaka chino, ndipo akufuna yankho sabata ya mawa. Bambo akukayika. Kodi ndikawauze kuti avomere?"

Faness anaganiza za timiyala ta pakhonde. Wogulitsa kunja amalandira madola, dola ikakwera amapeza makwacha ambiri. Zinamveka zoona. Ndipo mtsikanayo ankamuyang'ana ndi nkhope yoti sanamvepo nkhani yabwino kwa nthawi yaitali.

"Ndi momwemo, mwana wanga. Kawauzeni kuti chaka chino ndi chawo."

Anapalasa kubwerera kunyumba mtima uli m'mwamba. Asanavule n'komwe nsapato anayamba kusimba: za choko chothyoka, za Patson ndi amalume ake, za ana amene ankalemba mawu ake. A Chadzunda ankamvetsera akugwedeza mutu, nthawi zina n'kutchula dzina la mwana asanalitchule iye. Kenako anafika pa Febe.

Nkhope yawo inasintha.

"Ayi."

"Ayi chiyani? Si munandiuza nokha kuti wogulitsa kunja..."

"Ayi. Ayi." Anayesa kupitiriza, mawu n'kupiringizana. Anamenya bondo ndi dzanja lamanzere. Kenako analoza lichero.

Anaika timilu titatu ta mtedza pamkeka. Poloza koyamba anati, "Ogula." Kachiwiri, "Bwana." Kachitatu, "Tenanti." Anatenga kamwala koyera. "Dola." Anakasuntha kuchoka pa ogula kufika pa bwana, n'kukasiya pomwepo, chala chili pamwamba pake. Faness anadikira kuti kapitirire. Sikanapitirire. Anatenga kamwala kena kakuda, nati, "Kwacha," n'kukasuntha kuchoka pa bwana kufika pa tenanti. Kenako anayamba kuchotsa mtedza pa kamulu ka tenanti, umodziumodzi. "Chimanga. Feteleza. Mankhwala."

Faness anayang'ana kamulu kotsalako nthawi yaitali. Anali akudziwa, monga aliyense wa kuderalo, kuti tenanti amalipidwa m'makwacha pa mtengo umene mwini esiteti wanena, ndiponso kuti chakudya ndi feteleza za chaka chonse amadzamudula pamenepo. Zonsezo zinali zitakwera. M'kalasi muja sanazilumikize.

"Ndamunamiza mwana wa eni ake," anatero motsitsa. "Bambo ake akavomera chifukwa cha ine?"

A Chadzunda anatambasula dzanja, nagwira mkono wake.

"Simuna... dziwe."

"Ndipita Lolemba m'mamawa ndikamupeze. Ndikamuuza kuti ndinalakwitsa."

 A Chadzunda anayang'ana dzanja lawo lamanja limene linali gone pamwendo, nayang'ananso njinga.

"Tonse," anatero.

Loweruka lonse anakhala pakhonde akubwereza chiganizo chimodzi. Faness ankawamva ali kuseri akupeta mtedza: kuyamba, kukakamira pakati, kukhala chete, kuyambanso. Sanapite kukawathandiza. Lamulungu atabwera kutchalitchi anawameta ndevu, nasita shati yoyera ndi simbi yamakala. Lolemba m'mawa anavutika ndi tayi. Pa zaka zonse za ukwati wawo Faness anali asanamangepo tayi, chifukwa eni ake ankamanga okha. Anaima patsogolo pawo, iwo akugwira mbali imodzi ndi dzanja lamanzere, iye akuzunguliza inayo. Koyamba inatuluka mfundo ngati ya chingwe cha mbuzi. Kachitatu inaoneka bwinoko.

"Yapendekera," anatero Faness.

"Ngati... mwini wake."

Anaseka onse, Faness n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Anawakweza pa kaliyala, ndodo ataimangirira kumbali. Panjira yolimba ankapalasa, iwo atamugwira m'chiuno ndi dzanja limodzi. Pamchenga ankatsika n'kumakankha. Anthu amene ankakonza mizere m'minda ankaweramuka n'kupereka moni. Poyamba a Chadzunda ankayang'ana pansi. Atadutsa pa dambo anayamba kuyankha ndi mutu.

Mayi Kaliwo atawaona pazenera la ofesi anatuluka. Anagwira dzanja lawo lamanzere ndi manja awiri, kenako anapita kukapempha mphunzitsi wa piriyodi yoyamba kuti awapatse malo.

Kuchoka pakhomo la kalasi kufika pa tebulo panali mapazi osakwana khumi. A Chadzunda anayenda okha, ndodo patsogolo, mwendo ukukhwekhwereza. Ana anaimirira. Ena anayang'ana pansi. Faness anaima pambali pa bolodi, choko chili m'manja.

"Mwa... dzuka... bwanji."

"Tadzuka bwino, sala, kaya inu."

Ana anakhala pansi. A Chadzunda anapuma, nayang'ana kumbuyo kwa kalasi.

"Febe."

Mtsikanayo anaimirira.

Chiganizo chija chinatuluka mpaka pakati. "Dola... imathera... kwa amene..." Pamenepo chinakakamira. Milomo inkayenda, mawu osabwera. Thukuta linayamba kutsika m'khosi.  Faness anafuna kumalizitsa, koma anadziletsa, akuwerenga mumtima. Anafika pa khumi ndi ziwiri.

"...wagulitsa... ku okushoni."

"Kwa abwana," anatero Febe.

"Eya."

Zotsalazo anachita awiri. Faness anajambula mabwalo atatu pa bolodi m'malo mwa timilu ta mtedza, a Chadzunda akutchula mawu, iye akufotokoza. Asanayambe anatembenukira kwa Febe.

"Lachisanu ndinakuuzani zolakwika, mwana wanga. Sindinaganize mokwanira. Mundikhululukire."

Pena ankathamanga n'kunena zimene iwo sanatanthauze, ndodo n'kugunda pansi. "Ayi." Kachitatu kalasi yonse inanena nawo limodzi, ndipo kuseka kumene kunatsatira kunamasula aliyense. Mikono inayamba kukwera. Ana anazolowera msanga kudikira yankho. Patson anafunsa ngati mwini esiteti ndiye wapindula zonse. A Chadzunda anakana, nati nayenso feteleza ndi mafuta amagula pa mtengo watsopano, koma iye ali ndi dola yomutchinga, pamene tenanti alibe.

Chakumapeto Faness anafunsa chimene chinkamuvuta mumtima kuyambira Lachisanu.

"Febe, munawauza kale bambo anu?"

"Ndinawauza tsiku lomwelo."

"Anati chiyani?"

Febe anamwetulira mwamanyazi.

"Anangoseka. Anati zaka zisanu ndi zinayi akulima fodya, dola sanaionepo ikulowa m'chigafa mwathu."

A Chadzunda anagwedeza mutu kangapo.

"Bambo ako... mphunzitsi," anatero. Kenako anakweza chala. "Afunse... mtengo. Asana... vomere. Alembe."

"Akuti afunse kaye mtengo umene abwana adzawagulire," anatero Faness, "ngati usintha potsatira dola, ndipo zimenezo zilembedwe pa pepala. Ndi choncho?"

"Eya."

Febe analemba kuseri kwa kope lake, n'kudula mzere pansi pake.

Patapita masabata awiri anadzawauza kuti bambo ake anapita kwa abwana limodzi ndi matenanti ena anayi. Mtengo unakwezedwa pang'ono, osati monga ankafunira, koma unalembedwa. Ekala yowonjezera ija sanaitenge.

A Chadzunda ndi Faness anapitiriza kupita kusukulu Lachisanu lililonse mpaka temu inatha. Mu Januwale boma linatumiza mphunzitsi wachinyamata, a Bester Nkhoma, ndipo pambuyo pake kunabwera kalata yopumitsa a Chadzunda pa ntchito chifukwa cha matenda. Dzanja lamanja silinabwererenso. Mawu anabwerera ambiri, koma osati onse.

Koma zimenezo zinali m'tsogolo. Sabata imene anapita limodzi koyamba kusukulu ija, Lachitatu masana, kunagwa mvula yeniyeni, yodzalira. M'mawa mwake Faness anaima pakhomo akuyang'ana munda wawo, mizere yonse yakuda ndi chinyezi. Feteleza amene anadzatha kugula pa mtengo watsopano anali wa theka la mundawo. Zaka zonse amene ankanena choti chidzalidwe pati anali amuna ake, iye n'kungotsatira. Anatembenuka kuti awafunse, koma iwo anayamba.

"Inu... mukuona... bwanji?"

Faness anaganiza kaye.

"Chimanga tidzale kumtunda kokha, kumene feteleza akwanire. Kumunsi konse mtedza. Sufuna feteleza, ndipo mbewu ndili nayo yanga."

"Eya."

"Simukutsutsa?"

"Ayi."

Faness anatenga khasu ndi thumba la mbewu. Atafika pa chipata anamva ndodo ikugunda pambuyo pake. A Chadzunda ankabwera atavala magambuti, lina litalowa bwino, lina lopindika pachidendene. Faness anabwerera, nagwada, naliwongola.

"Mukagwa m'matopemo ndilibe mphamvu zokudzutsani," anatero.

Anawamangirira kachitini ka mbewu m'chiuno ndi chingwe kuti dzanja likhale lomasuka. Ndodo anaisiya pamutu pa mzere. Faness ankatsogola akuboola mapando, iwo n'kugwira phewa lake posuntha, n'kulisiya, n'kutapa mtedza m'chitini, n'kuponya. Wina unkagwera pambali, Faness n'kuukankhira m'phando ndi chala cha kuphazi osanena kanthu. Anthu a m'munda woyandikana nawo anamaliza mizere khumi iwo ali pa wachiwiri.

Dzuwa litakwera anakhala pa chulu kupuma, akumwa thobwa m'botolo limodzi. A Chadzunda anayang'ana mbali ya munda imene inatsala.

"Tachedwa," anatero.

"Mvula ikadalipo. Mawa tidzayambira apa."

Anabaya kamtengo pamene analekezera, nawathandiza kuimirira, n'kuyamba kubwerera kunyumba pang'onopang'ono.